Ikakwana 4 koloko: mtedza, zipatso zouma ndi mwezi wopanda mowa

Ambiri mwa ife amene timawerenga magaziniyi sitimwa mowa, ndipo ena sitinaulawepo n'komwe. Wina angafunse kuti nanga phunziro la mwezi wopanda mowa likutikhudza pati. Likutikhudza kumudzi. Sukulu ikatsekera timabwerera kwa bambo, achimwene, alamu kapena amalume amene amamwa, ndipo popeza akuti tili ku koleji, apabanja amatiyang'ana ngati tabwera ndi mankhwala m'chikwama. Komanso tisanamizane: m'mahositelo mwathu momwemu alimo ena amene nkhaniyi ndi yawoyawo, kungoti sangakweze dzanja pagulu.

Kwathu ndi ku Nkhunga, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda, kufupi ndi Dwangwa. Mukamadutsa pa msewu wa M5 mumaona minda ya nzimbe yosaoneka malire, ndipo kum'mawa kwake kuli nyanja. Ndalama kumeneko zimabwera ndi nyengo. Odula nzimbe amazigwira fakitale ya shuga ikamagaya, kuyambira cha mu Epulo mpaka mvula ikayandikira. Asodzi amazigwira usiku umene usipa wafa. Ndalama zobwera chonchi sizichedwa kupeza njira yopita kwa mayi wotcheza kachasu. Pa Dwangwa pomwepo palinso fakitale ya Ethanol Company, imene kuyambira mu 1982 yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasi wa nzimbe, wina n'kumasakanizidwa ndi petulo. Ana asukulu ambiri kwathu sadziwa kuti ethanol amene amayendetsa galimotoyo ndi yemweyo amene amaledzeretsa munthu mu kachasu, mu masese ndi m'botolo la kugolosale.

Amalume anga ndi msodzi. Tchuthi china ndinakhala nawo pansi n'kuwakhuthulira zonse zimene ndinaphunzira: za chiwindi, za kuthamanga kwa magazi, za fizi ya ana. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu. Kenako anati, "Mphwanga, zonse wanenazi ndi zoona, palibe chabodza. Koma tandiuza. Ikakwana 4 koloko, anzanga onse atatsetserekera kwa mayi uja, ine ndizitani ndi pakamwa pangapa?"

Ndinalibe yankho. Ndinali nditakonzekera kutsutsana ndi munthu wokana kuti mowa ndi woipa, koma iwo sanakane. Anandifunsa za ola limodzi la tsiku. Phunziro lino ndi la ola limenelo.

Mwezi wake uti?

Ganizo loti munthu ayesere kukhala mwezi wathunthu osamwa linatchuka ku Britain, kumene bungwe la Alcohol Concern, lomwe pano limatchedwa Alcohol Change UK, linayambitsa kampeni ya Dry January mu 2013. Nzeru yake ndi yosavuta: munthu amene akuopa mawu oti "mpaka kalekale" akhoza kuvomera masiku 30. Madokotala a pa chipatala cha Royal Free ku London anatsatira anthu omwa amene anasiya kwa mwezi umodzi, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2018 zinaonetsa kuti kuthamanga kwa magazi kunatsika, thupi linapepukako, komanso linayamba kugwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi.

Ife a Adventist sitiphunzitsa kupumira mowa kwa mwezi. Timaphunzitsa kusamwa konse, ndipo bungwe la WHO nalo linanena mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thupi. Choncho ena m'kalasi angaone ngati kukamba za mwezi umodzi ndi kunyengerera. Ine ndimaona mosiyana. Munthu amene wamwa zaka 20 sanaonepo masabata anayi otsatizana akudzuka wopanda matsire, ndiye sadziwa n'komwe chimene tikumuitanira. Mweziwo ndi womulawitsa.

Koma Januwale wa ku Britain si Januwale wathu. Kwathu umenewu ndi mwezi wa njala. Nkhokwe zapepuka, mtedza wa chaka chatha wakwera mtengo ndipo wakhalitsa m'chinyezi, mvula sikulola kuyanika kanthu. Kwa munthu wa ku Nkhunga mwezi wabwino ndi Juni kapena Julayi. Mtedza wangokumbidwa kumene, malambe ali mbwee pamsika, masau ndi bwemba ayamba kufika, ndipo kunja kuli dzuwa ndi mphepo youma. Imeneyinso ndi nyengo ya mwera, pamene mabwato amatha masiku ali pamtunda, amuna n'kumangokhala pa doko opanda chochita. Mayesero amakula nthawi imeneyi, ndipo mwamwayi ndi nthawi yomweyo imene chotafuna chimapezeka. Amene akufunabe Januwale ayambe kukonzekera mu Novembala mango akamapsa. Tikambanso zimenezo kutsogoloku.

Asanasiye, funsani kaye

Gawo lino musalilumphe. Pali anthu amene sayenera kusiya mowa mwadzidzidzi paokha, ndipo mtedza, ngakhale thumba lathunthu, sungawateteze. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, amene amadzuka manja akunjenjemera mpaka atamwako pang'ono, kapena amene anakomokapo atayesa kusiya, thupi lake lazolowera mowa kotero kuti ukachoka mwadzidzidzi ubongo umasokonekera. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza: kunjenjemera, thukuta, nseru, kusowa tulo. Ena amagwa ngati odwala khunyu m'masiku awiri oyamba. Cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amabalalika mutu, kuona zinthu zomwe palibe, thupi kutentha ndi mtima kugunda kwambiri. Pamenepa munthu akhoza kufa. Kumudzi zikatere amati walodzedwa, ena amati ndi malungo aakulu, ndipo nthawi imatha anthu akukangana koti apite naye.

Ngati m'bale wanu ali wotere, ulendo woyamba ndi wa kuchipatala, kaya cha pa Nkhunga pomwepo kapena chachikulu cha pa boma ku Nkhotakota, mwezi uja usanayambe. Akanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, ndi mankhwala ena alionse amene akumwa. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso anthu amene mowa wawagwira kwambiri. Inu amene mukuphunzira za unamwino ndi za udokotala mukuzidziwa izi. Anzathu a zamalonda ndi a zaubusa ndi amene ndikuwadandaulira, chifukwa changu chathu chikhoza kuvulaza munthu amene tikufuna kumupulumutsa. Amalume anga anali omwa mwa apo ndi apo, usipa ukafa kapena mwera ukavuta, ndipo masiku okhala panyanja ankatha osamwa popanda kunjenjemera. N'chifukwa chake tinayesera kunyumba.

Chimachitika n'chiyani pa ola lija?

Choyamba ndi njala yeniyeni. Galamu imodzi ya mowa weniweni imapereka makalori 7, pamene ya shuga imapereka 4 ndipo ya mafuta 9. Ndiye kuti munthu womwa wakhala akupeza gawo lina la mphamvu zake m'botolo, ngakhale kuti mphamvuzo zimabwera zopanda chomanga thupi chilichonse. Botolo likachoka pamatsala dzenje, ndipo dzenjelo limamveka kwambiri madzulo, nsima ya masana itatha m'mimba. Anthu ambiri amene angosiya kumene mowa amayamba kulakalaka zotsekemera modabwitsa. Ku Dwangwa zotsekemera sizisowa: nzimbe, tiyi wa masupuni anayi, zoziziritsa kukhosi za m'mabotolo. Vuto lake n'loti shuga wotere amalowa m'magazi mwachangu n'kutsikanso mwachangu, ndipo pasanapite nthawi munthu wabwerera pomwe paja, wofooka ndi wokwiyakwiya.

Mtedza umachita mosiyana. Uli ndi mafuta, zomanga thupi ndi gaga wake, zimene zimachedwa kugayika, ndiye umakhalitsa m'mimba. Chipatso chouma chimapereka kutsekemera kumene pakamwa pakufuna, koma moti munthu atafune. Ziwirizi zikadyedwa pamodzi, mtedza umachedwetsa shuga wa chipatso kuti asalowe onse nthawi imodzi.

Koma njala si yokhayo. Ola lija lili ndi chizolowezi chake: miyendo imadziwa njira, dzanja limadziwa kunyamula chipanda. Chibaba cha mowa sichikhala chofanana tsiku lonse. Chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha ngati munthu sanachimvere. Ntchito ya chotafuna ndi kumuwolotsa munthu pachimake pamenepo. N'chifukwa chake mtedza wa makoko umaposa wosendasenda. Kuswa limodzilimodzi, kupekesa, kuuzira timakoko, kutafuna: mbale yaing'ono imatenga nthawi, ndipo manja onse awiri amakhala otanganidwa.

Mtedza wathu womwewu

Magalamu 100 a mtedza wosenda amakhala ndi makalori pafupifupi 570 ndi magalamu 25 a zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ambiri mwa iwo a mtundu umene suvulaza mtima. Dzanja limodzi lodzaza ndi magalamu ngati 30. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa m'midzi, mtedza uli m'gulu la zanyemba, ndipo kwa anthu a kunyanja amene nsima yawo ndi kondowole, yemwe ali ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, gulu limeneli ndi lofunika koposa. Musaganize kuti msodzi amadya nsomba tsiku lililonse. Nsomba yabwino imapita kwa ogula.

Muli chinanso mu mtedza chimene womwa mowa amachisowa: vitamini B3, wotchedwa niacin. Akasowa m'thupi munthu amadwala pelagira. Khungu la m'khosi, kumaso ndi kunja kwa manja, kumene kumawomba dzuwa, limada n'kumasupuka ngati lapsa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonekera. Matendawa amakonda anthu odalira chimanga chokha komanso zidakwa, chifukwa mowa umalepheretsa matumbo kuyamwa mavitamini ndipo womwayo sadya mokwanira. Dziko lathu linaziona mu 1990, pamene anthu pafupifupi 18,000 othawa nkhondo ku Mozambique anadwala pelagira kuno, mtedza utasiya kugawidwa pa chakudya chawo kwa miyezi ingapo. Chakudya chimene timangochiyesa chocheza nacho chinali chikuteteza miyoyo ya anthu masauzande.

Mpingo wathu uli ndi mbiri yake pa nkhani ya mtedza. Mu 1992 Dr. Gary Fraser ndi anzake a pa yunivesite ya Loma Linda anasindikiza zimene anapeza atatsatira a Adventist oposa 31,000 a ku California. Amene ankadya za mtundu wa mtedza koposa kanayi pa sabata ankamwalira ndi matenda a mtima mocheperako ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi amene ankadya kosafika kamodzi pa sabata. Mtedza wathu womwewu unali m'gulu la zimene ankadya. Tisakokomeze: kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, ndipo anthuwo ambiri sankasuta kapena kumwa. Komabe akafukufuku ena m'mayiko ena apeza zofananako.

Nanga makademiya, amene amalimidwa ku Thyolo, ku Mzimba ndi ku Ntchisi? Ndi abwino, koma ambiri amapita kunja ndipo mtengo wake si wa msodzi. Musamuchititse munthu kuganiza kuti kusiya mowa n'kwa olemera. Nzama zophika, soya wokazinga, nthangala za maungu, chitowe ndi mpendadzuwa zimagwira ntchito yomweyo, ndipo nthangala za maungu timazitaya tokha kudzala.

Chimodzi chokha: kazingani opanda mchere, kapena ndi wochepa kwambiri. Mtedza wa mchere ndi umene amagulitsa pa malo omwera, ndipo pali chifukwa chake. Umaitana ludzu, komanso kwa munthu amene wakhala akuudyera mowa zaka zambiri, kukoma kwake kokhako kumamukumbutsa chimene chikusowa pambali pake.

Chuku: chiwindi ndi chomwecho

Apa ndi pamene phunziro lathu lingapindukire kukhala tsoka ngati sitisamala. Tikumupempha munthu kuti asiye mowa kuti chiwindi chake chipume. Tikamupatsa mtedza wa chuku, tamuchotsera poizoni wina n'kumupatsa wina wolimbana ndi chiwalo chomwecho.

Chuku cha mtundu wa Aspergillus chimamera pa mtedza ndi pa chimanga pakakhala kutentha ndi chinyezi, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Akachuluka amapha m'masiku ochepa. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Ndi poizoni yemweyu amene wakhala akuvutitsa mtedza wa Malawi pa misika ya ku Ulaya. Ndipo mtedza umene wakanidwa kwa ogula aakulu sutayidwa. Umatsala kumudzi, umasinjidwa nsinjiro, umakazingidwa n'kumangidwa m'timapepala ta pamsika.

Kukazinga sikuthetsa aflatoxin. Ambiri amaganiza kuti moto umapha chilichonse. Umapha chuku, koma poizoni amene chatulutsa kale amapirira kutentha kwa pa chiwaya. Kuwiritsa nakonso sikumuchotsa. Chimene chimathandiza ndi maso ndi zala. Poizoniyu sakhala mofanana m'thumba lonse, amaunjikana mu njere zochepa zowonongeka, choncho kusankha kumachotsa gawo lalikulu. Thirani mtedza pa lichero pamalo owala, ndipo chotsani njere iliyonse yonyala, yosweka, yofumbwa, yosintha mtundu kapena yooneka ufa wobiriwira. Mukatafuna njere yowawa, lavulani. Zosankhidwazo musapatse ana, musasinje nsinjiro, ndipo musapatse ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyu amadutsira mu mkaka.

Palinso chizolowezi china chimene ndachiona m'makomo ambiri, mwathu momwe: kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, uswedwe mosavuta. Ena amawazanso kuti ulemere pa sikelo. Madzi amenewo ndi amene chuku chimayembekezera. Mtedza uumitsidwe bwino mpaka uzilira ukagwedezedwa, usayanikidwe pa dothi, usungidwe ndi makoko ake m'thumba lolowa mpweya, pamalo okwera osakhudza khoma, ndipo uziswedwa wokwana masiku ochepa okha. Kunyanja kuno, kumene mpweya umakhala ndi chinyezi ngakhale m'chilimwe, zimenezi n'zofunika kuposa kumtunda. Ngati mungathe, gulani wa makoko kwa mlimi amene mukumudziwa kusiyana ndi chiponde kapena nsinjiro zosadziwika kumene zachokera, chifukwa zikasinjidwa simungaonenso kuti munalowa njere zotani.

Ana osakwana zaka zisanu asapatsidwe mtedza wathunthu, ungawatsamwe. Ndipo alipo anthu ochepa amene thupi lawo limadana ndi mtedza, amatupa milomo kapena kubanika. Amenewo ausiye n'kupita kuchipatala.

Zipatso zouma

Aliyense wa ku Nkhotakota amadziwa mmene mango amawolera pansi pa mitengo mu Novembala ndi Disembala, ntchentche zili ng'waa, kenako pofika Febuluwale osapezekanso ndi limodzi lomwe. Ku Salima kampani ya Malawi Mangoes imaumitsa mango n'kumagulitsa kunja kwa dziko. Ife tikhoza kuchita zomwezo pakhomo, bola tiyambe ndi mango oyambirira, dzuwa la Okutobala ndi Novembala likadali lamphamvu, mvula isanakhazikike.

Sankhani mango akupsa koma olimba, osabooka, makamaka a ulusi wochepa monga boloma kapena a makono aja a Kent ndi Keitt. Tsukani, sendani, dulani mopyapyala ngati theka la sentimita. Yanikani pa thandala lokwera, monga timachitira ndi usipa, koma lisakhale thandala la nsomba lomwelo pokhapokha mukufuna mango onunkha usipa. Phimbani ndi kansalu kopyapyala koyera kuti ntchentche ndi fumbi zisafike. Musaphimbe ndi neti ya udzudzu; ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ili kuchipinda. Muzitembenuza, madzulo muzilowetsa m'nyumba kuti asanyowe ndi mame. Pakatha masiku angapo a dzuwa labwino amakhala ngati chikopa chofewa: amapindika osathyoka, ndipo mukafinya satuluka madzi. Ikani m'botolo louma lotseka bwino. Mukaona timadontho ta madzi m'kati mwa botolo mawa lake, sanaume, abwezereni padzuwa. Akachita chuku, tayani. Nthochi ndi mapapaya zimaumitsidwa chimodzimodzi, ndipo kuviika tizidutswa ta nthochi m'madzi a mandimu kumathandiza kuti tisade kwambiri.

Malambe ndiye savutitsa, amauma okha m'chigoba chawo. Ali ndi vitamini C wambiri komanso kashiamu, ndipo vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu mtedza ndi nthangala. Pa ntchito yathu ino malambe ali ndi ubwino wina umene mabuku a zakudya sawerengera: sungawameze mwachangu. Umayamwa, njere n'kutsala mkamwa, lilime n'kumasewera nayo. Kwa munthu wofunsa kuti azitani ndi pakamwa pake, limeneli ndi yankho labwino kuposa onse amene ndinapeza. Ndikunena malambe enieni, osati mafilizi aja odzaza shuga ndi utoto.

Masau ouma amafika kuchokera ku chigwa cha Shire ndi madera ena otentha. Chodabwitsa n'choti kumeneko masau omwewo ndi amene ena amatchezera kachasu. Chipatso chilibe mlandu. Nkhani ili pa chimene tachita nacho. Bwemba ndi wowawasa bwino ndipo amadula chilakolako cha zotsekemera, koma akachuluka amafewetsa m'mimba.

Samalani ndi muyeso. Mango aawisi ali ndi madzi oposa magawo 80 pa 100, ndiye madziwo akachoka shuga yense amatsala m'kachidutswa kakang'ono. Munthu amene sangamalize mango anayi pa nthawi imodzi akhoza kumaliza ouma ake osazindikira. Theka la dzanja pa dzanja limodzi la mtedza ndi zokwanira. Odwala matenda a shuga afunse kaye kuchipatala. Zipatso zouma zimakakamiranso m'mano, choncho madzi akumwa akhale pafupi, ndipo mswachi usaiwalike usiku.

Za thobwa ndinene mwachidule, ngakhale ena sakondwa nazo. Thobwa la lero ndi chakudya. Thobwa logona masiku atatu pamalo otentha ngati ku Nkhunga layamba kale ulendo wokhala mowa, ndipo munthu amene akulimbana ndi chibaba amalizindikira msanga kuposa ife. Chimodzimodzi madzi a malambe kapena a bwemba othira shuga: apangidwe okwana tsiku lomwelo.

Mmene zinayendera kwa amalume

Tinayamba mu Julayi. Akazi awo ndi amene anagwira ntchito yaikulu, ine ndinali wongolankhula. Lamlungu lililonse ankasankha ndi kukazinga mtedza wa sabata yonse ndi makoko ake, n'kugawa m'timatumba tisanu ndi tiwiri, kalikonse ndi malambe pang'ono. Tinaphunzira msanga kuti kathumbako kazituluka 3 koloko ikangodutsa, chibaba chisanafike. Masiku awiri oyamba tinadikira kuti apemphe okha, ndipo pofika nthawi imeneyo anali atakwiya kale ndi aliyense, ndi nkhuku zomwe.

Tinaphunziranso kuti mtedza sungalowe m'malo mwa anthu. Kwa mayi uja amalume sankangotsatira kachasu. Kumeneko ndi kumene kunkakambidwa za mitengo ya usipa, za injini yofuna kukonza, za amene akufuna anthu pa bwato lake. Kuwauza kuti akhale pakhonde okha ndi kathumba ka mtedza kunali kuwachotsa pa ntchito ndi pa chibale nthawi imodzi. Chimene chinathandiza ndi bawo. Anakumba maenje pansi pa mtengo wa mango, anayamba kusokera ukonde pomwepo, ndipo mnzawo mmodzi, kenako awiri, anayamba kubwera. Timatumba tinayenera kukula. Ndalama imene ikanapita ku mowa tsiku limenelo inkaponyedwa m'chitini, ndipo mtedza wa sabata yotsatira unkagulidwa kuchokera m'chitini momwemo, n'kutsalabe ina.

Pa tsiku la 12 kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Anagona kusiwa masiku awiri, ndipo anabwera akununkha. Ine ndinakwiya, ndinafuna kuwauza kuti tiyambirenso kuwerenga pa 1. Akazi awo anandikokera kuseri n'kunena kuti, "Mukawafufutira masiku 11 aja, mawa sadzaonanso chifukwa chopirira." Anali olondola. Tinalemba mtanda pa masiku awiriwo pa kalendala n'kupitiriza. Cholakwa china chinali chathu: tinkadziwa kuti kumaliro kumakhala mowa ndi njala, koma sitinawapatse kanthu m'thumba kapena munthu wopita nawo.

Mwezi unatha ndi masiku 29 oyera pa 31. Sindinena kuti amalume anasiyiratu, chifukwa nkhondoyo akadali nayo, ndipo mwera wa chaka chino sunafike. Chimene ananena okha n'choti ayamba kugona tulo tokoma, ndipo m'chitini munatsala yokwana nsapato za sukulu za mwana wawo wamkazi.

Zochita m'gulu

Kambiranani za munthu amene mukumuganizira, osatchula dzina lake. Ola lake lovuta ndi liti, ndipo pa ola limenelo amakhala ndi ndani? Kodi ali m'gulu la oyenera kuyamba ndi kuchipatala? Kwanuko ndi mwezi uti umene mtedza ndi zipatso zimapezeka mosavuta, ndipo ndani pakhomo amene adzagwire ntchito yosankha ndi kukazinga inu mutabwerera kusukulu?

Sabata yamawa aliyense abwere ndi kapu imodzi ya mtedza wosenda wogula pamsika wapafupi, ndipo afunse wogulitsa kumene wachokera ndi mwezi umene unakumbidwa. Tidzauthira pa lichero, tidzasankha pamodzi, ndipo tidzawerenga kuti pa njere 100 zilizonse zotayidwa ndi zingati. Amene ali ndi lichero kuhositelo abwere nalo.